Anyamata inu, lekani kubisala m'ziwerengero za maiko ena

Sabata yatha mtima wanga unawawa kwambiri, ndipo mpaka lero sunakhale m'malo. Mwana wa mnzanga amene tinakulira limodzi, mnyamata wa zaka 17, wasiya sekondale kutangotsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso omaliza. Ndinapita kukamuona. Ndinamupeza atagona chagada dzuwa lili paliwombo, foni ili kumaso, makope ali pansi pa bedi fumbi lili mbuu. Nditamufunsa, anandilozera tchati ya pa Facebook yoyerekeza maiko. "Amalume, taonani. Ku Lesotho, ku Philippines, anyamata ambiri samaliza. Si ine ndekha." Bambo ake ali pomwepo, kumangoti mwamuna sasowa chochita, adzadzionera yekha.

Adzadzionera chiyani? Ndi chiyani m'manja?

Iwe mwana, ukuwadziwa anyamata a ku Lesotho amene ukuwatchulawo? Ali kumapiri, m'chisanu choluma mafupa, akuweta nkhosa ndi ng'ombe chifukwa pakhomo palibe wina wobweretsa chakudya. Ku Mongolia nakonso ziweto n'zimene zimachotsa anyamata m'kalasi. Ku Philippines amasiya kuti akagwire ntchito azing'ono awo adye. Ku Honduras ena amalowetsedwa m'magulu a zigawenga, ena amathawa sukulu poopa magulu omwewo. Misozi ya anzako ndiye waiyesa pilo yogonera? Iwe wakuthamangitsa ndani, fizi italipiridwa kale, yunifolomu ili pachingwe?

Nanga pa tchati yomweyo, diso lako linalumphiranji South Korea? Dziko limene mu 1953 linatuluka m'nkhondo lili bwinja lokhalokha, lero pa achinyamata 100 a zaka 25 mpaka 34, pafupifupi 98 anamaliza sekondale, anyamata ndi atsikana omwe. Japan unaiona? Bwanji posankha woti ufanane naye wasankha amene wagwa? Ndipo ku Afghanistan, kuyambira 2021, atsikana akuletsedwa kuponda pakhomo la sekondale. Akulirira mpando umene iwe wausiya wekha popanda wokuopseza.

Koma mkwiyo wanga waukulu uli pa ife akuluakulu. Mu 2022 bungwe la United Nations loona za maphunziro, la UNESCO, linatulutsa lipoti lonena za anyamata amene akutayana ndi sukulu. Lipotilo linati anyamata 132 miliyoni a msinkhu wa pulayimale ndi sekondale sanali pasukulu padziko lonse. M'maiko 73, makalasi omaliza a sekondale anali ndi anyamata ochepa poyerekeza ndi atsikana. M'makoleji ndi m'mayunivesite, pa akazi 100 alionse panali amuna 88. Nkhani yoti tikanasowa nayo tulo, ife taisandutsa chowiringula. Zoona?

Mtsikana akajomba masiku awiri timafunsa, timalondola, timakhalirana pansi. N'zoyenera, ndipo tisaleke, pakuti ku Niger ndi ku Chad atsikana akadali m'mbuyo kwambiri. Koma mnyamata akajomba teremu yathunthu, pakhomo pali zii. Akabwera usiku maso ali psuu, tikuti wakula. Akayamba kubetcha mpira pa foni, tikuti ngochenjera. Akapeza kaganyu ka masiku atatu, tikumuombera m'manja ngati wapata ntchito. Lipoti la sukulu munaliona liti, bambo inu? Dzina la mphunzitsi wa mwana wanu mukulidziwa? Paja amati kuongola mtengo m'poyamba. Ife tikudikira kuti ukhote kaye, tizidzati ana a masiku ano samva.

Ghana inachotsa fizi ya makalasi apamwamba a sekondale mu 2017. Maboma akhoza kutsegula zitseko choncho, koma palibe nduna imene idzabwere kudzadzutsa mwana wanu m'mawa.

Mathero ake tonse tikuwadziwa. Mowa, chamba, ngongole za kubetcha, chitolokosi. Kusainitsidwa mapepala amene sakuwamvetsa. Kuima pamzere wofunsira ntchito n'kubwezedwa pageti chifukwa alibe satifiketi, mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi akulowa. Tsiku limenelo adzaonetse tchati ya pa Facebook ija, ndani adzaiyang'ana?

Iwe mnyamata, tulutsa makope pansi pa bedipo, uwakunthe fumbi, Lolemba ukapezeke m'kalasi. Inu bambo ake, chitani manyazi.