Mtumiki wa Mulungu akalira, tisafulumire kumupukuta misozi

Pali nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere masiku ano, ndiye ndati ndiilembe pano.

Ndili ndi mnzanga amene anatumidwa pamodzi ndi mkazi wake kukayambitsa mpingo kudera lakutali, komwe ngakhale chilankhulo anachita kuphunzira. Analalikira zaka zingapo popanda chooneka. Tsiku lina tinalandira uthenga wokoma wakuti anthu oyamba abatizidwa. Zithunzi zinabwera, tonse tinalemba "Ameni", tinayamika Mulungu. Patapita miyezi m'pamene ndinamva kuti sabata yomweyo mkazi wake anapita padera. M'kalata ija munalibe ngakhale liwu limodzi lonena zimenezi. Nditamufunsa anandiyankha kuti, "Achimwene, anthu amafuna kumva zoti ntchito ikuyenda. Ndikanalemba kuti pemphero likundikanika, akanati ndabwerera m'mbuyo."

Mawu amenewa anandilasa mtima, chifukwa amene tinamuphunzitsa kubisa ndife tomwe. Timakonda maumboni a chipambano. Mtumiki akaimirira kutsogolo n'kunena kuti watopa, kapena kuti wakhala akufunsa Mulungu kuti "chifukwa chiyani", timayang'ana pansi, wina n'kuthamangira kumupatsa vesi kuti akhale chete.

Ine ndikuti ayi. Kudalira Mulungu sitikuyeza ndi kuuma kwa m'maso.

Taganizirani za Adoniram Judson, mmishonale wa ku America amene anafika ku Burma, dziko lomwe lero limatchedwa Myanmar, mu 1813. Munthu woyamba kubatizidwa anapezeka mu 1819, patatha zaka 6, ndipo pofika nthawiyo iye ndi mkazi wake Ann anali ataika kale m'manda mwana wawo wamwamuna wa miyezi yochepa. Nkhondo itabuka pakati pa Burma ndi Britain mu 1824, anamuganizira kuti ndi kazitape, n'kumutsekera m'ndende kwa nthawi yoposa chaka, maunyolo ali m'miyendo. Ann ndiye ankamuyendera, ndipo mapepala a Chipangano Chatsopano amene mwamuna wake ankamasulira anawasokera mu pilo kuti asawonongedwe. Judson anatuluka wamoyo. Chimwemwe chake sichinakhalitse: Ann anamwalira mu 1826, ndipo patangotha miyezi 6 kamwana kawo kakakazi, Maria, kanatsatira mayi ake.

Chimene anthu ambiri satchula pofotokoza mbiri yake ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Bambo uyu anadzipatula, anakakhala m'kanyumba kutchire, anakumba manda n'kumakhala pambali pake akusinkhasinkha za imfa. Analemba yekha kuti amakhulupirira Mulungu koma sakumupeza. Lero bwenzi titamuitanira abusa kuti amupempherere mzimu wa kusakhulupirira uchoke. Koma ndi munthu yemweyu amene mu 1834 anamaliza kumasulira Baibulo lonse m'chilankhulo cha ku Burma, lomwe Akhristu a ku Myanmar akuwerengabe mpaka pano. Kodi chikhulupiriro chake chinali pati? Ine ndimachiona pambali pa manda aja, pamene ankauza Mulungu kuti sakumuona koma osamutaya. Munthu sadandaulira amene wasiya kumuyembekezera.

William Carey, mmishonale wa ku England, nayenso anaika m'manda mwana wake Peter wa zaka 5 ku India mu 1794, mkazi wake Dorothy anadwala maganizo mpaka imfa, ndipo mu 1812 moto unapsereza nyumba yosindikizira mabuku ku Serampore pamodzi ndi ntchito yomasulira ya zaka zambiri. Anayambanso.

Ndiye pali Paulo, amene timakonda kumutenga ngati munthu wachitsulo. Werengani mutu woyamba wa 2 Akorinto. Akuuza mpingo poyera kuti ku Asiya anapsinjika koposa mphamvu zake mpaka anataya chiyembekezo choti akhala moyo. Sanaope kuti Akorinto amutaya kapena asiya kumulemekeza. Polembera Afilipi za mnzake Epafrodito amene anadwala mwakayakaya, akuti Mulungu anachitira chifundo iyenso Paulo, kuti asakhale ndi chisoni pamwamba pa chisoni. Ndiye kuti chisoni choyamba chinalipo kale, m'kalata yomweyo imene akutiuza kuti tizikondwera mwa Ambuye nthawi zonse. Ziwirizi zinkakhala mumtima umodzi, ndipo sanaone chifukwa chobisira chimodzi kuti chinacho chiwale.

Ndinenenso mbali ina, poti imaiwalika. Chimwemwe nachonso chimayesa munthu. Ku Lusitara, Paulo atachiritsa munthu wolumala, khamu linafuna kupereka nsembe kwa iye ndi Barnaba ngati milungu, ndipo posakhalitsa anthu omwewo anamuponya miyala n'kumukokera kunja kwa mzinda poganiza kuti wafa. Amene akanadalira kuwomba m'manja kwa tsiku loyamba sakanadzuka n'kulowanso mumzindamo. Mpingo ukamadzaza n'kosavuta kuyamba kudalira chiwerengero, ndipo tsiku lomwe chiwerengerocho chatsika munthu amapeza kuti panalibe china chomwe anatsamirapo.

Sindikunena kuti atumiki azingodandaula, kapena kuti tisiye kusangalala anthu akatembenuka mtima. Ubatizo uja unali woona, ndipo mnzanga anali ndi ufulu wonse wokondwera nawo. Chimene chikundipweteka n'chakuti iye ndi mkazi wake analira okha, usiku, kutali ndi abale, pamene ife tinkagawana zithunzi. Tinawatuma kuti akanyamule uthenga, koma katundu wawo sitinafune kumudziwa.

Dzulo ndinamuimbira foni. Sindinamufunse kuti mpingo wafika anthu angati. Ndinamufunsa za mlamu, ngati akugona tulo, komanso ngati mwana uja anali atamuganizira kale dzina. Anakhala chete kwa nthawi, kenako anandiuza dzinalo.