Galamafoni yoyamba: musanyengeke ndi kasutikesi

Amene mukufuna kugula galamafoni yoti muzimvera mbale kunyumba, maganizo anga ndi akuti muyambe mwayang'ana singano, zinazo zibwere pambuyo. Pa makina onsewo, kansonga kaja ndi kokhako kamene kamayenda m'timizere ta mbale yanu.

N'chifukwa chake timagalamafoni tooneka ngati kasutikesi, tokhala ndi chogwirira komanso masipika m'kati momwemo, ine sinditikonda. Pa chithunzi n'tokongola, sindikana. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tambiri timakhala ndi mutu (kachipangizo kogwira singano kunsonga kwa mkono wa galamafoni) wa ceramic umene umapondereza mbale ndi kulemera kwa magalamu 5 kapena kuposa, pamene mutu wabwino wa maginito umangofuna pakati pa 1.5 ndi 3.5. Sindikunena kuti mbale idzatha tsiku limodzi ngati mmene ena amaopsezera, koma imaperepeseka msanga. Ndiye masipika ali m'bokosi lomwelo ndi singano. Mukangokweza voliyumu, bokosi lonse limanjenjemera, singano n'kuyamba kudumpha pamene nyimbo yafika pokoma. Pokhazika mbale pamakhalanso pang'ono, moti mbale ya mainchesi 12 imatulukira m'mbali n'kumagwedera.

Kumbali inayi kuli akatswiri aja okonda kuopseza anthu, amene angakuuzeni kuti popanda makina odula kwambiri ndiye kuti simunamve nyimbo. Amenewo asiyeni. Munthu wofuna kuika mbale madzulo ataweruka kuntchito, n'kukhala pansi kupumula, makina ngati Audio-Technica AT-LP60X kapena Sony PS-LX310BT amukwanira. Mumangodina batani, mkono umanyamuka wokha, kutera pa mbale mofatsa, nyimbo zikatha n'kubwerera pamalo pake. Tulo tikakubani pa mpando, singano sikhalira kukanda mbale usiku wonse. Chofooka chake n'chakuti kulemera kwa mkono simungakusinthe, ndipo mutu wonse simungauchotse kuti muike wabwinopo, mumangosintha singano basi. Ngati ndinu munthu wokonda kugwiragwira zinthu, Pro-Ject Debut Carbon kapena Rega Planar 1 ndi zabwino kuposa, kungoti mkono muzinyamula nokha nthawi zonse.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa phono preamp, kachipangizo kamene kamakhala pakati pa singano ndi ampu. Pojambula mbale, mabesi amachepetsedwa dala kuti timizere tisatambalale kwambiri, ndipo mawu a pamwamba amakwezedwa. Muyezo wake ndi wa RIAA, bungwe la makampani ojambula nyimbo ku America, ndipo unakhazikitsidwa mu 1954. Ka phono preamp kaja kamabwezeretsa zonsezo m'malo mwake n'kukuza mphamvu yochepetsetsa imene imachokera ku singano. Popanda iko, mawu amamveka chapansipansi, oonda, opanda besi, munthu n'kumaganiza kuti wagula makina akufa. Choncho funsani ngati kali m'kati kale. Makina ambiri a oyamba kumene amakhala ndi kaswichi kumbuyo kolembedwa PHONO ndi LINE. Ngati mukulumikiza ku masipika okhala ndi ampu yawoyawo, ikani pa LINE. Ngati ampu yanu ili ndi polowetsa polembedwa PHONO, ikani pa PHONO. Mukaphatikiza LINE ndi polowetsa pa PHONO, mawu amatuluka ophwanyika.

Nkhani yakuti mota izizungulitsa mbale kudzera pa lamba kapena mwachindunji (direct drive) isakusowetseni tulo. Technics SL-1200, imene inatuluka mu 1972, inatchuka ndi ma DJ chifukwa mota yake imazungulitsa mbale mwachindunji ndipo imayamba nthawi yomweyo. Inu simukukanda mbale pa dansi, ya lamba ili bwinobwino. Pa liwiro, kuzungulira maulendo 33 ndi 45 pa mphindi kwakwana. Za 78 ndi mbale zakale kwambiri ndipo zimafuna singano yakeyake. Bluetooth? Ngati ilipo, chabwino, koma ine sindingawonjezere ndalama chifukwa cha iyo. Ndalama yotsalayo ipite ku masipika abwino, chifukwa kusiyana kwenikweni makutu amakumvera kumeneko.

Mukabwera nayo kunyumba, ikhazikeni pamalo osapendekeka ndi osagwedera, masipika akhale pa shelefu ina. Mbale muziimika chilili, kutali ndi dzuwa, chifukwa zikatenthedwa zimapindika. Muzizigwira m'mbali, osati pa timizere, ndipo kabulashi kochotsera fumbi kakhale pafupi.

Yogwiritsidwa kale ntchito musaiope. Makina akale a Technics, Pioneer kapena Dual ambiri ndi olimba kuposa atsopano otchipa. Muone ngati mbale ikuzungulira mosasinthasintha liwiro, ngati mkono ukuyenda momasuka, ndiponso ngati singano za mutu wakewo zikupezekabe. Singano ya dayamondi imatha ikaimba maola pafupifupi 500 mpaka 1,000, ndipo wogulitsa aliyense adzakuuzani kuti yakeyo ikadali yatsopano. Musatsutsane naye, ingogulani ina musinthe musanaikepo mbale imene mumaikonda.