Inu osamala mawebusaiti a eni, tamverani za backup

Achinyamata inu amene mukupangira anthu mawebusaiti masiku ano, khalani pansi ndikuuzeni. Mumalandira ndalama za masukulu, mipingo ndi mabungwe, n'kuwatsimikizira kuti zonse zili bwino, koma wina akakufunsani kuti backup (kope la webusaiti losungidwa padera) yomaliza munatenga liti, mumayamba kukanda m'mutu. Khalidwe limeneli likuliritsa anthu osalakwa.

Yankho lanu limakhala lakuti a hosting, makampani amene amasunga mawebusaiti pa makompyuta awo otchedwa maseva, amasunga okha. Kodi munawerengapo mgwirizano wanu ndi iwowo? Makampani ambiri amalemba poyera kuti udindo wosunga zinthu zanu ndi wanu. Pa 10 Malichi 2021 moto unabuka pamalo a kampani ya hosting ya OVH ku Strasbourg, m'dziko la France. Nyumba ya maseva yotchedwa SBG2 inapsa yonse, mbali ina ya SBG1 n'kuonongekanso. Amene ma backup awo anali pamalo omwewo anataya webusaiti pamodzi ndi backup yake. Ngati zinagwera kampani yaikulu choncho, inu mwakhulupirira chiyani?

Ena mumati timatenga, koma katengedwe kake n'kamene kamandidandaulitsa. Mumalowa mu cPanel, poyendetsera webusaiti pa seva paja, kudina Full Backup, faelo n'kukhala mu Home Directory, foda yanu yaikulu ya pa seva, inu basi mwatseka laputopu. Faelo imeneyo ili pa seva yomweyo imene mukuiopa kuti ingafe. Kumeneko n'kusunga mbewu ya chaka chamawa m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya. Ikopereni pa kompyuta yanu, ina muike pa Google Drive kapena pa hard drive yapadera, kenako mufufute ya pa sevayo chifukwa imangodya malo. Zoti bandulo yadula musandiuze, imeneyo muziwerengera pa mtengo umene mumatchaja kasitomala.

Ndiye pali ena, kaya n'kufulumira kaya n'kusadziwa, amaisiya mu public_html, foda imene anthu amaifikira pa intaneti, ataitcha backup.zip. Ana inu! Aliyense woganizira dzinalo atha kuitsitsa, ndipo m'katimo muli faelo ya wp-config.php momwe mwalembedwa pasiwedi ya database, nkhokwe ya zolembedwa za webusaiti. Mwapereka nokha makiyi kwa wakuba.

Dziwaninso kuti Full Backup ya cPanel simungaibwezeretse nokha podina batani. Imeneyo amabwezeretsa ndi a hosting kudzera ku WHM, poyendetsera seva yonse, ndipo ngati webusaiti yagwa Loweruka usiku mudikira mpaka akuyankheni. Zimene mungabwezeretse ndi manja anu ndi zija zapaderapadera, Home Directory payokha, MySQL database payokha. Muzitenga zonse ziwiri tsiku limodzi. Pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, nkhani zonse, masamba, ndemanga ndi maina a olowa zimakhala mu database. Wokopera public_html yokha kudzera mu File Manager amatsala ndi zithunzi ndi theme, koma mawu onse amene anthu analemba zaka ndi zaka palibe.

Pobwezeretsa napo mumapupuluma. Restore imalemba pamwamba pa zimene zilipo, sifunsa kawiri. Mukabwezeretsa database ya mwezi watha, maoda ndi mafomu onse amene alowa mwezi uno apita. Choncho musanadine, tengani kaye backup ya mmene zilili lero, ngakhale webusaitiyo ikhale yoonongeka. Ndipo ngati akuba anakulowerani pa webusaiti, musathamangire backup ya dzulo, mwina anali atalowa kale, yang'anani yakale ndithu ndipo musinthe mapasiwedi onse.

Chomaliza chimene simuchita n'komwe ndi kuyesa. Faelo imatha kuduka potsitsa netiweki ikavuta, inu osadziwa, n'kudzazindikira tsiku la tsoka kuti sikutseguka. Tsegulani subdomain yoyeserera, adiresi yapambali ya pansi pa dzina la webusaiti, pangani database yatsopano, lowetsani faelo ya .sql, kope la database lija, kudzera mu phpMyAdmin, chida choyendetsera database, muone ndi maso anu kuti webusaiti yadzuka. Ndipo musadzasinthenso plugin kapena PHP, mapulogalamu oyendetsa webusaiti, Lachisanu madzulo musanatenge backup, mwini webusaiti naye mum'patse kope lake asunge.