Seydou Keita sanali wongotsekera malo ku Barcelona

Nkhani ina imene ndawerenga yafotokoza bwino za zikho zimene Seydou Keita, wosewera mpira wa ku Mali, anapambana ku Barcelona pakati pa 2008 ndi 2012, koma sindikugwirizana ndi mawu ake akuti iye anali wongothandizira osewera anzake apakati, Xavi ndi Iniesta. Munthu amene mphunzitsi Pep Guardiola ankamudalira m'timu imene inatenga chikho cha Champions League mu 2009 ndi 2011 sangakhale wamba, ndipo luso lake linaonekera kale mu 1999 ku Nigeria, pamene anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapitirira zaka 20.

Chimene chasowa kwambiri m'nkhaniyi ndi ntchito imene anagwirira dziko lake la Mali, lomwe analisewerera masewero opitirira 100. Ife a ku Malawi tikumudziwa bwino, chifukwa pa mpikisano wa mayiko a mu Africa wa 2010 ku Angola anagoletsa chigoli masewero atangoyamba kumene, ndipo Flames inagonja 3-1. Masiku ochepa m'mbuyo mwake, Mali inali itamwetsedwa zigoli zinayi ndi Angola, koma inabweza zonse m'mphindi zomalizira, ziwiri mwa izo zochokera kwa Keita yemweyu.

Mu 2012, nkhondo itabuka kumpoto kwa Mali, iye anagoletsa penate yomaliza yogonjetsera Gabon pa mpikisano wa mayiko a mu Africa, kenako anapempha anthu a kwawo kuti asiye kumenyana. Chaka chimenecho ndiponso mu 2013, Mali inamaliza pa nambala yachitatu, ndipo mu 2013 mtsogoleri wa osewerawo anali iyeyo.