Mwaiwala za chishalo

Alembi, mwati wovulala bondo ayambe wapalasa njinga asanabwerere kothamanga. Zoona, koma za chishalo bwanji simunazitchule? Chikatsika kwambiri, bondo limapindika mopitirira muyeso, ululu n'kumamveka kutsogoloku. Ine madokotala a mafizo anandiuza kuti ndichikweze mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi, ndipo pachitunda ndiziika giya yopepuka, osalimbana ndi yolemera.

Anzanga othamanganu, chimene chimapha bondo langa n'kutsetsereka, osati kukwera ayi. Phiri la Zomba ndimakwera chothamanga, koma potsika ndimangoyenda, anyamata akundiseka choncho. Bondo likadzuka lotupa m'mawa mwake, ndiye kuti dzulo munawonjeza. Pumulani kaye, osangomwera mankhwala opha ululu n'kubwereranso kumsewu.