Wraxall ndi nyumba ya Tyntesfield

Nkhani yanu ikunena kuti mudzi wa Wraxall, pafupi ndi mzinda wa Bristol ku England, unasintha pamene nyumba yaikulu ya Tyntesfield inachoka m'manja mwa eni ake, koma ine ndikuona kuti kusinthako kunayamba kale. William Gibbs, amene analemera ndi malonda a zitosi za mbalame zochokera ku Peru, anagula malowa mu 1843, ndipo kwa zaka zambiri anthu a m'deralo ankapeza ntchito m'minda ndi m'khitchini ya banjali. Pamene Richard Gibbs, wa m'banjali womaliza kukhala m'nyumbayi, ankamwalira mu 2001, zipinda zambiri zinali zitatsekedwa kalekale. Bungwe la National Trust, losamalira nyumba ndi malo akale, linagula malowa mu 2002, moti lero m'zipindamo mumayenda alendo odzaona malo, ndipo ambiri mwa owalandira ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro.