Madzi si H2O basi

Dzulo ku Senga Bay mwana wa achemwali anga, wa Folomu 2, anaima pambali pa beseni la chambo n'kundifunsa: "Malume, bwanji ayezi amayandama, chikhalirecho ndi madzi omwewo?" Ati atafunsa kusukulu anangouzidwa kuti aloweze zapabolodi. Zandiwawa.

Funso limenelo si lachibwana ayi. Zinthu zambiri zikaundana zimakhwinyata n'kumira m'madzimadzi ake omwe. Koma madzi makani: amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, n'chifukwa chake ayezi amapepuka n'kuyandama, ndipo botolo lagalasi lodzaza limasweka mufiriji. Ndiponso amathinana kwambiri pa madigiri 4, osati pa 0.

Nkhani yagona pa mamolekyulu, tizidutswa tating'onoting'ono topanga madzi. Lililonse limatha kugwirana ndi anzake anayi, koma kugwirana kwake n'kwakanthawi kosaneneka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000 a sekondi, kenako lasiya uyu lagwira wina. Mu 1892 Wilhelm Röntgen, yemwe uja anadzatulukira X-ray, ananena kuti m'madzi muli makhalidwe awiri osakanikirana. Masiku ano Anders Nilsson ndi anzake ku Stockholm University, ku Sweden, akuti n'zoonadi: pali timagulu tina totalikirana mwadongosolo ngati anyamata a mganda pamzere, tina tothithikana ngati anthu mu minibasi ya pa Kamuzu Road. Kukula kwa kagulu kamodzi ndi nanomita imodzi kapena kuposerako pang'ono. Dulani milimita imodzi ka 1 miliyoni, ndiye nanomita imeneyo. Madzi akamazizira, a mganda aja amachuluka, madzi n'kuyamba kufufuma akatsika pansi pa madigiri 4.

Akatswiri ena akukana, ati palibe timagulu tiwiri, ndi ukonde umodzi womangogwedezeka. Mpaka lero sanagwirizane, anthu okhala ndi makina a ndalama zankhaninkhani! Ineyo ndapendekera kwa Nilsson, mwina chifukwa cha mganda womwewo.

Ndiye mwana wa kunyanja akafunsa zomwe zikuzunguza mitu ya mapulofesa, ife n'kumutseka pakamwa? Aphunzitsi athu ali ndi ana ambirimbiri m'kalasi imodzi, ndikudziwa, sindikuwanyoza. Koma kunena kuti "apa ngakhale akuluakulu akukanganabe" sikulira choko.

Mwanayo wadzaza botolo lapulasitiki mpaka pakhosi, walemba mzere ndi makala, waliika mufiriji ya amayi ake. Mawa m'mawa akuti akayeza ndi lula, ngati magetsi sathima.